Buku la a Morton Lothera pa Mutu Wachisanu ndi Chitatu

A Morton Mwangonde akhala akuphunzitsa zolemba mapulogalamu a kompyuta kwa zaka makumi awiri, m'kachipinda kuseri kwa msika wa Karonga. Buku lawo ndi limodzi lomwelo. Amalinyamula m'jumbo ngati chiphaso cha munda.

Bukulo linanyowa chaka china madzi atasefukira kwawo ku Kaporo, masamba akumapeto n'kuphatikana kukhala chigumu. Mutu wachisanu ndi chinayi, wonena za kusaka pomwe pulogalamu yalakwika, unathera pamenepo. Iwo sanadandaule. Amaphunzitsa mpaka pomwe pepala likutseguka, kenako satifiketi.

Ine nditabwera kuchokera ku Cape Town, komwe ndimagwira ntchito yolemba mapulogalamu, ndinapeza mlongo wanga Dora, wophunzira wawo, ali pa mayeso a ntchito. Kagulu ka alimi a mpunga chakumwera kanamupatsa sabata imodzi kuti akonze pulogalamu yotumiza uthenga pa foni, wouza mlimi tsiku lake lothirira. Pulogalamuyo inkatumiza kwa anthu khumi n'kuima. Ikapanda kuyenda pofika Lachisanu, ntchito ipita kwa wina.

"Achimwene, ndawerenga buku lonse," anatero Dora.

Lonse!

Ndinapita kwa eni bukulo. "Aphunzitsi, pulogalamu ikalakwika, ana anuwa mumawauza atani?"

"Yolembedwa bwino silakwika, dada. Kapena za ku Joni zimalakwika?"

"Zimalakwika tsiku lililonse."

"Ndiye munapitiranji?" Anaseka mpaka kutsokomola.

Ndinazungulira mashopu onse a mabuku pa Boma. Zomwe zilipo ndi timabuku tosonyeza pobanikiza kuti kompyuta iyake. Mabuku anga omwe ndinabwera nawo ndi achabechabenso: tsamba loyamba likuti tsegulani intaneti, lachiwiri likukamba za kampani ya antchito mazana asanu. Za mtsikana yemwe ali yekha, ndi laputopu yobwereka, magetsi akuthimathima, palibe anaziganizira. Olemba mabuku amamufuna akhale mbuli yeniyeni kapena katswiri.

Ndiye ndinalemba ndekha, pamanja, masamba asanu ndi limodzi: gawa pulogalamu pakati, yesa mbali iyi, yesa inayo, usakhulupirire chomwe sunachione. Masambawo ndinamupatsa Dora, ndipo Lachinayi masana anapeza vuto yekha. Mlimi wachikhumi ndi chimodzi anamulembera nambala ya foni ya ku Tanzania, ndipo pulogalamu imatsamwa nayo. Ntchito anaipeza.

Koma Dora analeredwa mwaulemu. Anapita kukathokoza aphunzitsi ake, mapepala anga ali m'manja.

Lolemba ndinadutsa pakachipinda kaja. Pakhomo pamatidwa chikwangwani: "Tsopano tikuphunzitsanso Mutu 9." Mkatimo ana akukopera masamba anga, owajambula pa makina mopendekera, pamwamba palembedwa ndi bolopeni, M. Mwangonde.

"Dada wa ku Joni!" anandikuwira. "Mukalembe wachikhumi. Nawonso unanyowa."