Matutu a Bambo a Chijasi

Bambo okalamba amene tinayandikana nawo minda sapatsa munthu moni m'mawa asanalonjere dothi. Amapisa chala pamzere, n'kuchinunkhiza, kenako amati, "Lero lakananso." Chijasi chawo cha ku migodi savula, ngakhale dzuwa liswe mtengo.

Ine ndimawaopa pang'ono, koma amene ndimamuopa zenizeni ndi kapitawo wa malimidwe. Iyeyu anatilamula kuti tonse tizilima mizere, tisiye matutu amene amayi athu ankabzalapo chinangwa, ndipo wokana akalowa ndende. Ndinamvera. Ndinabzala chimanga ndi mvula yoyamba, mvulayo n'kuthawa. Tsopano masamba apotana ngati zingwe, amuna anga ali kutali ku ntchito ku Halale, ndipo Keziah wanga akadali kubere.

Dzulo ndinapeza matutu atsopano kumunsi kwa munda wanga, mitengo ya chinangwa itazikidwa kale. Nditaona bambo okalamba aja ali chapafupi ndi khasu lawo, ndinawalondola.

"Ada, mwandipheranji? Akandimanga, mwanayu adzayamwa kwa ndani?"

"Ama, khazikani mtima pansi," anatero akupala dothi pakhasu lawo. "Kapitawo akabwera, mumuuze kuti ndi kankhalamba kopenga ka kuseriku. Ine kundende n'kadya zaulere. Nanga chimanga chanuchi chikapsa, kamwanako kadzadya mzere?"

Anachoka osadikira yankho.

Khasu ndili nalo, ndipo kufafaniza matutuwo si ntchito yaikulu. Koma mpaka pano sindinawakhudze. Ndimangoyang'ana kumsewu wochokera ku boma, kenako kumwamba, osadziwa kuti ayambe kufika ndani, kapitawo kapena mvula.