Keke Yowongoka ya a Matailosi

Dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso. Aliyense ankangoti a Matailosi, chifukwa kwa zaka makumi atatu ntchito yawo inali yoyala matailosi m'nyumba za eni. Sanali munthu wa zokambakamba. Akalowa m'nyumba, ankayamba ayang'ana pansi, moni n'kubwera pambuyo.

Kenako mawondo anakana. Dokotala anati zogwada zatha.

"Ngakhale popemphera?" anafunsa a Matailosi.

"Muzipemphera chokhala."

Anakhala pakhomo miyezi itatu. Akazi awo, amene ankagulitsa m'sitolo ya mankhwala, akaweruka ankapeza makapu atafola motsata msinkhu, mipando itasunthidwa pang'ono kuti ifanane ndi mzere wa zenera.

Pa tsiku lobadwa la mayiwo, akulu awo a mayiwo anabwera ndi keke ya m'sitolo. Atadula, mkati munali chokoleti ndi vanila zitapiringizana ngati madzi a mvula mumsewu wa dothi. A Matailosi anayang'ana nthawi yaitali.

"Anayala uyu anali pa changu," anatero.

"Imakhala choncho, alamu. Ngati yakupindikirani, phikani yanu yowongoka."

Alamuwo ankangonena. A Matailosi anamva ngati apatsidwa ntchito.

Mwana wawo wamkazi, wokwatiwa kutali, anawatumizira kapangidwe pa foni, iwo n'kukopera ndi pensulo pa katoni yakale. Anaphika makeke anayi, awiri oyera a vanila, awiri akuda a chokoleti. Atazizira, anawayeza ndi tepi, n'kusenga pamwamba mpaka levulo ya omanga itavomereza. Iliyonse anaidula mikombero itatu: sosala kunja, kapu ya tiyi pakati. Kenako anasinthanitsa, wakuda mkati mwa woyera, woyera mkati mwa wakuda, n'kusanjikiza, kirimu ali pakati m'malo mwa simenti.

Atadula, timabokosi tinatuluka ngati bolodi ya drafuti, osaphonya ngakhale kamodzi. Vuto linali limodzi. Ufa anautakasa ngati akukanya simenti, ndipo keke mu uvuni anaisiya mpaka iume bwinobwino. Akazi awo anagogoda chidutswa ndi supuni. Chinalira.

"Bambo, iyi tikaimate ku bafa. Kuseri kwa chitseko kuja kunasweka."

A Matailosi, moyo wawo wonse palibe anawabwezerapo ntchito, ndipo zinawapweteka kuposa mawondo. Anatsuka ziwiya, n'kukhala masiku awiri osayang'ana uvuni.

Tsiku lachitatu mayiwo anaweruka msanga, anavala epuloni, n'kuwaitana kukhitchini.

"Batala ndi shuga menyani mmene mufunira. Koma ufa ukangolowa, mkwiyo usiyeni panja. Muzingotembenuza, chonchi."

Anawagwira dzanja n'kulitembenuza m'mbale pang'onopang'ono. Chikwatiranireni anali asanaimepo limodzi pa ntchito imodzi. A Matailosi anaona kuti khitchini ndi yothina, koma sananene.

Keke yachiwiri inagwa pakati. Yachitatu inadyeka. Yachinayi anaitanira alamu aja Loweruka masana. Kunja anaipaka kirimu wa chokoleti ndi mpeni wa omanga watsopano, umene anagula dala, mpaka inasalala ngati khoma lopulasitala. Pamwamba anaikapo timagawo ta chokoleti choyera, motalikirana chala chimodzi.

Chimene chinawavuta n'chakuti mkati samaonamo. Pa matailosi munthu amaona pomwepo pamene walakwitsa, n'kuzula. Apa ntchito yonse inali itabisika, ndipo poti aione anayenera kuiwononga, anthu akuyang'ana. Anadula.

Timabokosi tinalipo, tofewa. Kamodzi kokha, mumzere wachitatu, kanali katasendera pambali.

"Yasendera," anatero a Matailosi.

"Pati?" anafunsa akazi awo.

Anawalozera. Mayiwo anatola chidutswacho n'kudya pomwe panasenderapo.

Alamu anadya chidutswa chimodzi, n'kuwonjezera china.

"Vanila wachepa," anatero, uku akukulunga chachitatu m'pepala.

Kuyambira pamenepo amaphika Loweruka lililonse. Anansi anayamba kubwera ndi mazira ndi batala kudzapempha ya ubatizo, ya mwana wakhoza mayeso. Sakana, koma maluwa saika. Mayi wina anapempha maluwa ofiira pamwamba. Iwo anamulozera kwa wophika wa kumsika, n'kumuperekeza mpaka pa geti mwaulemu.

Iwowo zotsekemera sakonda. Keke ikadulidwa amaima pambali, manja kumbuyo, kuyang'ana chidutswa choyamba chikutuluka. Akakhutira amabwerera kukhitchini n'kukamwa tiyi wopanda shuga.