Signe wa Pachitseko

Anthu a m'tauni ina ya migodi, kumpoto kwa Minnesota ku America, ankadabwa naye Signe Lahti. Mtsikana wanzeru zake, wophunzira unamwino pa koleji, koma zaka zinayi ankadzuka mbandakucha, kupala chipale pagalasi la galimoto, kukavala zida za wapagolo zolemera ngati thumba la simenti, kenaka tsiku la masewero n'kukaima pabenchi kumatsekulira anzake chitseko. Mu hoke ya pa ayezi, masewero omenya kampira ndi ndodo, osewera amasinthana masewero ali m'kati, ndiye pakachitseko ka mpanda pamafunika munthu, ndipo ntchitoyi imagwera wapagolo amene sakusewera. Signe anali asanasewerepo ngakhale mphindi imodzi.

Pagolo sanapasankhe yekha. Ali mwana, achimwene ake ankafuna munthu womulasa ndi kampira pa dziwe loundana kuseri kwa nyumba, ndiye anamumanga makhushoni a sofa m'miyendo n'kumuimika pakati pa nsapato ziwiri. Signe analira tsiku loyamba, tsiku lachiwiri anavala yekha makhushoniwo. Bambo ake, a Arvo, oyendetsa chigalimoto cha miyala kumgodi, sankaphonya masewero apakhomo. Ankakhala kumbuyo kwa benchi ndi fulasiki ya khofi, ndipo pobwerera ankati, "Lero watsekula bwino, mwanawe." Signe sanadziwe konse ngati ankamuseka kapena ankanena zoona.

Ukamufunsa chimene ankakhalirabe m'timumo, ankangokweza mapewa. Ena ankati n'chifukwa cha jekete ya timu, ena ankati ndi khama la makolo ake ochokera ku Finland limene anabadwa nalo. Chimene tonse tinkachiona n'chakuti pokonzekera, anzake akamaliza, aliyense wofuna kuwongola dzanja ankaitana Signe, iye n'kumaima pamenepo mpaka bambo wosalaza ayezi atawathamangitsa. Ntchafu zake zinali mikwingwirima yokhayokha. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma nkhono imeneyi inali itanyanya kubisa maso.

Chaka chake chomaliza, wapagolo wachiwiri anasamukira koleji ina, Signe n'kukhala wachiwiri. Mtima unayamba kumunyenga. Vuto linali Brynn Okerlund, wapagolo woyamba, chimtsikana cha kumafamu chimene sichinkadziwa ngakhale mutu kuwawa. Kuyambira Okutobala timu inayenda pabasi mpaka ku Dakota, inapambana, inagonja, theka la atsikana linagwidwa ndi chifuwa, Brynn ali nji. Signe sankamufunira zoipa mnzake, koma chimfine cha masiku awiri chikanalakwa chiyani? Akaganiza choncho ankadzichitira manyazi, n'kumugulira Brynn chokoleti.

Mu Febuluwale, kutatsala masewero amodzi apakhomo, a Kochi Dufresne, mayi wa mawu ochepa, anamuitanira pambali. "Loweruka tikatsogola ndi zigoli zambiri, ulowa," anatero. Linali tsiku lotsanzikana ndi omaliza sukulu. Likadutsa limenelo, Signe akanatuluka m'koleji ali wapagolo wosagwirapo kampira pamaso pa anthu.

Loweruka makolo analandira maluwa, masewero n'kuyamba. Pofika chigawo chachitatu, chomwe ndi chomaliza, timu inali itamwetsa zigoli zinayi, alendo alibe kanthu. Apa ndi pamene panavuta. Brynn ankangofunika masewero amodzi osachinyitsa kuti apose atsikana onse amene anaimapo pagolo la koleji imeneyi. Ndipo kwa anthu a hoke, wapagolo akakhala kuti sanachinyitse, nkhaniyo sitchulidwa mpaka belu lomaliza. Ukaitchula waitana tsoka. Kumutulutsa munthu woteroyo ndiye sizichitika n'komwe.

Pabenchi aliyense ankadziwa, ndipo aliyense anatseka pakamwa. Atsikana ankalowa ndi kutuluka osamuyang'ana Signe kumaso. A Kochi anayang'ana wotchi, anayang'ana Brynn, kenaka anayamba kuwerenga zotsatsa malonda za pakhoma ngati akuziona koyamba. Signe anamvetsa, ndipo sanakwiyire munthu. Anangopitiriza kutsekula ndi kutseka monga mwa masiku onse.

Woyimbira ataimitsa masewero pang'ono, anthu anaona Brynn akutsetsereka kuchoka pagolo, atagwira chotchinga cha kumwendo.

"Lamba waduka!" anakuwa.

Lamulo silidikira wapagolo kuti akonze zida, amalowa wina. Signe anamutsekulira, Brynn n'kulowa. Kenaka Signe, chitseko chili m'manja, anatembenuka kuyang'ana pabenchi kuti aone amene akutuluka. Zaka zinayi dzanja linali litazolowera kuti wina akalowa, wina amadzuka. Anaima choncho kudikira.

"Iwe, ukufuna ndani?" anatero Brynn. "Ukudikira agogo ako? Chisoti chako chili kuti?"

A Kochi anawerama. "Lamba wake uti, Okerlund?"

"Uyu."

"Ameneyutu wangomasuka."

"Waduka, a Kochi. Maso anuwa ayamba ukalamba."

A Kochi anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatola okha chisoti cha Signe n'kumupachika kumutu. "Pita, Lahti, usanandidwalitse mtima. Wina agwire chitsekochi."

Ayezi yemweyo wa m'mawa uliwonse anamukulira. Magetsi anali owala mopitirira, phokoso likuchokera mbali zonse. Anafika pagolo, anamenya zitsulo ziwiri za golo ndi ndodo monga amachitira anzake, n'kuwerama. Alendo nawo sanali ana, anaona kuti pagolo pabwera munthu wosatenthetsa thupi. Wina analasa ali patali, kulasa kwake kosaopsa n'komwe, kumene Signe ankakugwira ali m'tulo pokonzekera. Kampira kanadutsa pakati pa miyendo.

Bwalo lonse linati zii. Mbiri ya Brynn inali itapita, ndipo woitaya anali Signeyo. Signe anagwada pamenepo, akulakalaka ayezi atang'ambika. Sankafuna kuyang'ana kubenchi, koma mawu anamupeza okha.

"Dzuka, nkhalamba iwe!" Anali Brynn, akumenya mpanda ndi ndodo. "Ndakubwereka golo langa kuti uzigonapo? Tseka miyendoyo, si chitseko chimenecho!"

Benchi yonse inaphulika kuseka, ndodo zonse n'kuyamba kumenya mpanda. Signe anadzuka.

Posakhalitsa alendo anabweranso, awiri, otchinga kumbuyo atawasiya m'njira. Woyamba anapatsira mnzake, mnzakeyo analasa m'mwamba chakumanzere. Signe sanaganize kanthu. Dzanja linapita lokha, ndipo anamva kuwawa kwa m'chikhatho kumene ankakudziwa bwino. Wezulo inalira, kampira kali m'golovesi mwake.

Woyimbira, mayi wa imvi, anafika n'kutambasula dzanja kuti alandire kampira. Signe anangomuyang'ana. Golovesi inali itatsekeka, ataikumbatira pachifuwa, misozi ikutsika m'kati mwa chisoti momwe sakanatha kuipukuta. Anali wokondwa mpaka mantha.

"Chemwali, ndipatseni," anatero woyimbira uja. "Masewero sanathe."

"Ndikupatsani," anayankha Signe, osatsegula.

Mayiyo anayang'ana nambala ya pamsana pake, anayang'ana atsikana a kubenchi amene anali ataimirira onse. Kenaka anapita kwa osunga nthawi n'kukapempha kampira kena, koyamba kaja n'kumusiyira Signe.