Masamba a Azitona Pamsewu

Chaka chimene malire anatsekedwa chifukwa cha mliri, ine ndinapenga ndi njinga. Ndinali pasukulu ku Bentley, ndipo m'malo mowerenga ndinkangokhalira kuonera mavidiyo a anthu akupalasa njinga m'mapiri a ku Italy: timisewu topanda galimoto, tokhotakhota pakati pa minda ya mpesa ndi mitengo ya azitona. Tsiku lina aphunzitsi athu ananena mongodutsa kuti nyengo ya kuno ku Perth ndi yofanana ndi ya kumeneko, ndipo kumapiri a kum'mawa kwa mzindawu amalimako zomwezo. Basitu! Ndinagula njinga yakale n'kuyamba kupita kumeneko Loweruka lililonse. Ndinkabwerako miyendo ili njenjenje, koma ndikumwetulira ngati chitsiru. Anzanga a m'nyumba anatopa nane.

Koma kwa achimwene anga ku Morley kunalibe woseka. Akazi awo, alamu anga, omwe ndi namwino pachipatala ku Nedlands, anali ataferedwa mayi awo ku Dedza. Ndege kunalibe. Maliro anaonera pafoni, netiweki ikudukaduka, mpaka chithunzi chinaima anthu akunyamula bokosi. Sanalire. M'mawa mwake anapita kushifiti. Alamu amene ankandisereula tsiku ndi tsiku za kusakwatiwa kwanga anangoti zii, miyezi n'kumapita. Ankadya, ankagwira ntchito, chilichonse ankangoyankha kuti zikomo. Zinkandiwawa kwambiri, ndipo ndinkaopa kuti alamu anga aja sadzabwereranso.

Tsiku lina achimwene anandiitanira pakhonde.

"Iwe, alamu akowa akungotha tikuona. Atengereko ku zamisala zakozo, mwina kamphepo kakawaomba zingasinthe."

Ndinawapeza kukhitchini akupukuta mbale youma kale.

"Alamu, Loweruka ndikukutengani ku Italy."

"Zikomo."

"Osati zikomo! Pasipoti siikufunika, ndege siikufunika. Chofunika ndi matako olimba basi."

Anaika mbale ija pansi. "Ine njinga ndinasiya ndili kusekondale."

"Ndiye mukaiyambirenso. Mukakana ndidzagona pakhomo pano mpaka mutatopa nane."

Amandidziwa kuti ndikayamba sindimva. Loweruka achimwene anatisiya ku Kalamunda, kumapiri kuja, ndi njinga ziwiri, ina yobwereka kwa mnzanga. Alamu anakana kuvula duku, ndiye helemeti inakhala pamwamba pake ngati mbale yovundikira ndiwo. Ndinadziluma mlomo kuti ndisaseke.

Inali nthawi imene mvula ya m'chisanu yangotha, thengo lonse lili biriwiri. Titangotuluka m'tauni msewu unatsetsereka kulowa m'chigwa, ndipo ine, monga mwa masiku onse, ndinasiya mabuleki n'kuyamba kukuwa. Koma abale, kutsetsereka kumakoma! Mphepo m'makutu kuti puu, misozi ikutuluka yokha, mitengo ya bulugamu ikungodutsa. Nditacheuka ndinaona alamu akubwera pang'onopang'ono, msana uli chilili, atafinya mabuleki onse awiri, nkhope ngati akupita kukabaya munthu jakisoni.

Chitunda choyamba ndi chimene chinawatsegula pakamwa. Magiya sankawadziwa, kwawo ankakwera njinga ya kapalasepalase yopanda zonsezo. Ndinkawakuwira kuti akankhe kachitsulo ka kumanja, iwo n'kumakankha ka kumanzere, tcheni chikulira ngati chigayo. Anafika pamwamba ali wefuwefu, thukuta lili kamukamu.

"Ndiye Italy wake ameneyu?" anatero. "N'chifukwa chaketu simukukwatiwa inu. Mwamuna angakupezeni bwanji kuthengo kuno?"

Ine mtima unangoti myaa. Sanaseke ayi, koma anandinyoza, ndipo sindinakondwepo ndi chipongwe ngati tsiku limenelo. Ndinayamba kubwebweta ngati wamwa. Ndinkawalozera chilichonse: mpesa umene unali utangoyamba kuphuka, mahatchi ovala mabulangete, nyumba zamiyala. Titafika pamunda wina ndinakuwa.

"Alamu, azitona! A m'Baibulo aja!"

"Timitengo totuwa timeneti? Ine ndinkayesa ndi zimitengo ngati mibawa."

"Ndi omwewo! Mwafika ku Getsemane osalipira ndege."

"Mxii," anatero, koma ndinaona kuti m'mbali mwa mlomo mukugwedera.

Tinakhota pakona ina, msewu wopapatiza, wopanda ngakhale galimoto imodzi yoyenda. Ndipo apo, patsogolo pathu, masamba aawisi atayalidwa kudutsa msewu wonse, kuchokera mbali ino kufika mbali inayo. Chapatali ndithu, kupitirira nyumba ina, panali mzere wina wa masamba.

Palibe anauza mnzake. Tonse tinagwira mabuleki n'kutsika. Mwana aliyense wa kwathu amadziwa kuti masamba akayalidwa pamsewu ndiye kuti pagwa zovuta: wagalimoto amachepetsa liwiro, wanjinga amatsika, wachipewa amavula. Miyendo inangochita yokha, mutu usanafunse kuti kodi azungu amayalanso masamba. Tinavula mahelemeti. Alamu anatsegula kachikwama kawo n'kutulutsa chitenje. Kupita kokwera njinga, munthu atatenga chitenje! Anachimanga m'chiuno, kenako anayang'ana kabudula wanga wothina uja.

"Ndi ameneyo mudutse naye pamaliro? Mangani juzi m'chiunomo, musatichititse manyazi."

Ndinamanga. Tinalowa m'masambamo tikukankha njinga, mitu titazolika. Panyumbapo panali magalimoto ataima m'mbali mwa msewu. Anthu anali atakhala pamthunzi, akulankhula motsitsa mawu. Kuseri kunkafuka utsi, ndipo ndinati azimayi ayamba kale kuphika. Ndinadzitukwana chamumtima. Munthu ndamutulutsa kuti aiwaleko maliro, ndiye ndadzamugwetsa pamaliro enieni! Ndinkaopa kuwayang'ana, ndinkadziwa kuti kamoto kaja kanayamba kuyaka kazimanso.

M'munda munatuluka bambo wina wokalamba, wachipewa chachikulu, sowo ili m'manja. Anatifunsa m'Chingerezi chake chokoka ngati cha anthu ochokera ku Italy kuti kodi matayala aphwa. Alamu anapinda maondo pang'ono, manja atagwirana, n'kuyankha ndi Chingerezi chofewa chimene amalankhulira abale a odwala.

"Pepani kwambiri bambo ndi zovutazi. Ndani watisiya?"

"Watisiya? Kupita kuti?"

"Amene amwalirawo."

Bamboyo anatsegula pakamwa, n'kucheukira kunyumba kwake mwamantha, ngati mwina pachitika zinthu iye ali kumunda.

"Palibetu wamwalira! Mkazi wanga ndi uyo akuthirira alendo vinyo, ali moyo ndithu, wandikalipira kale m'mawa uno."

Ndinaloza masamba aja. Iye anawayang'ana, n'kutiyang'ana ife. Anati akudulira mitengo yake ya azitona, ndipo nthambizo zimagwa kuchokera m'ngolo thirakitala ikamadutsa msewu kuchoka m'munda wina kupita wina, pageti ili ndi pageti ilo. Utsiwo akuwotcha nthambi. Anthu okhala pamthunziwo abwera kudzalawa vinyo. Nditayang'anitsitsa ndinaonadi matambula m'manja mwa olira athu aja.

Kenako ndinamva kaphokoso ngati tayala likuphwa. Anali alamu. Anayesa kutseka pakamwa ndi chitenje, koma zinakanika. Njinga inagwera uko, iwo n'kukhala pansi pamsewu, kuseka chikhakhali.

"Mayo ine! Tapepesa mitengo! Alamu, tapepesa mitengo!"

"Ndipo inu munagwada!"

"Nanga inu ndi juzi m'chiuno!"

Ndinagwa nako kuseka, m'mimba mpaka kupweteka. Ndikati ndileke, ndikaona duku lija litapendekeka, n'kuyambiranso. Alendo a vinyo anaimirira kuti aone. Bambo uja sankadziwa kuti aseke kapena aitane ambulansi, mpaka ndinamufotokozera, mawu akudukaduka, tanthauzo la masamba pamsewu kwathu. Anaseka mpaka kutsamira mtengo, n'kunena kuti apite akachotse nthambizo zisanaphe munthu wina wa m'nyumba mwake.

Ine ndinali m'mwamba ndi chimwemwe. Ndinkaganiza kale zokawauza achimwene kuti ntchito ndagwira, alamu aseka. Ndinavala helemeti n'kuponya mwendo panjinga.

"Tsikani," anatero alamu.

Anali ataimirira, akukonza chitenje. Kuseka kunali kutatha, koma nkhope sinali yozizira ija ya kukhitchini.

"Tsikani, alamu. Sitinatuluke m'masamba."

"Komatu mwamva, palibe maliro."

"Alipo."

Ndinatsika. Anatembenukira kwa bambo uja n'kumupempha kuti nthambi za kutsogolozo azisiye kaye pang'ono. Anamuuza kuti mayi awo anamwalira kwawo, iwo sanapiteko, sanadutse pamasamba awo. Bamboyo sanafunse zambiri. Anaika sowo pansi n'kuvula chipewa.

Alamu anadzutsa njinga n'kuyamba kuyenda pakati pa msewu, pang'onopang'ono. Anayamba nyimbo ya kumpingo kwawo, ya pamaliro, koma sanafike nayo patali. Mawu anasweka, ndipo analira kulira kwenikweni kwa kwathu, kokuwa, kosabisa.

"Amayi anga ine! Amayi anga, mwapita osandiona!"

Chigwa chonse chinamva. Ine ndinali pambuyo pawo, ndikukankha njinga yanga, ndikupitiriza nyimbo ija ndi mawu anga oipawa, mamina ndi misozi zili mbwee. Sindinawatonthoze. Pamthunzi paja palibe anakweza tambula.

Mzere wachiwiri uja unali patali kuposa mmene unkaonekera, ndipo sitinafulumire. Titafika alamu anaima, nanyamula tayala lakutsogolo kuti lisaponde masamba, kenako lakumbuyo. Anadutsa. Anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje, napuma mpweya wautali.

"Ndawaperekeza," anatero. "Imbirani achimwene anu, muwauze kuti amayi ndawaperekeza."