Zidebe Ziwiri za a Rivesi

Mumsewu mwathu muli anthu ambiri amene ali ndi galimoto koma alibe poimika, ndipo muli munthu mmodzi amene ali ndi poimika koma alibe galimoto. Munthuyo ndi a Rivesi.

Dzinali analitola kuntchito. Kwa zaka makumi atatu anali mphunzitsi pasukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto. Wophunzira akangokhala pampando, asanamufunse n'komwe dzina, ankati: "Kupita kutsogolo ngakhale mbuzi imatha. Tandionetsani rivesi." Eni ake amati theka la madalaivala a m'tauni muno linadutsa m'manja mwawo, ndipo theka linalo ndi limene limagunda anzawo. Ng'ala itayamba kuwaphimba maso anapuma ntchito n'kugulitsa galimoto yawo. Anatsala ndi kapu ya kumutu, cholembera chofiira, ndi pakamwa.

Kale msewu wathu unali wa zii, moti galu ankatha kugona pakati pake mpaka masana. Kenako pakona anamangapo chinyumba cha maofesi chosanjikiza kasanu, ndipo womangayo anaiwala kuti anthu a m'maofesi sagwa kuchokera kumwamba. Kuyambira pamenepo, ikangokwana seveni m'mawa magalimoto amalowa mumsewu mwathu ngati nyerere zamva shuga, n'kundanda uku ndi uku. Pakati pamangotsala kanjira kodutsa galimoto imodzi.

Atelala, amene nyumba yawo inayang'anizana ndi ya a Rivesi, anaitanitsa msonkhano ndipo tinalembera kalata akhonsolo. Yankho linabwera la mizere iwiri: msewu ndi wa aliyense. Basi aliyense anasanduka khonsolo payekha. Atelala anaika matayala akutha pageti pawo. Ena miyala, ena mpando wothyoka mwendo, ndipo banja lina linatulutsa firiji yakufa imene ili pomwepo mpaka lero.

A Rivesi anapanga zawo mwaluso. Anatenga zidebe ziwiri, anathiramo simenti, anazikamo mipini ya tsache, n'kuzipaka penti yoyera. Kenako anayeza ndi miyendo, mapazi khumi ndi asanu kuchoka pachidebe china kufika pa chinzake.

"Achimwene, mukuyembekezera basi?" anafunsa atelala.

"Ndikuyembekezera mwana wanga."

"Ndi kagalimoto kake kaja? Apatu pakwana tiwiri ndi njinga pamwamba."

"Inu sokani mabatani," anatero a Rivesi.

Tinkawaseka, koma chifukwa cha zidebezo tonse tinkachidziwa. Akazi awo anavutika ndi mawondo kwa zaka. Kuchoka pampando wawo kufika pageti ndi mapazi makumi awiri ndi awiri, amachita kuwerenga okha, ali ndi ndodo m'manja. Akawonjezera awiri kapena atatu, mawondo amakana. Lachinayi lililonse, teni koloko, mwana wawo wamkazi wogwira ntchito kubanki ankabwera kudzawatenga kupita nawo kuchipatala kokawongola miyendo. Chitseko cha galimoto chinkayenera kukhala pageti penipeni. Kuima pakati pa msewu sikukanatheka, chifukwa mayiwo amatenga nthawi kuti alowetse mwendo woyamba, kenako wachiwiri, ndipo anthu a mahutala sadziwa za mawondo a eni.

Masiku enawo a Rivesi ankagwira ntchito imene palibe anawalemba. M'mawa ankavala kapu n'kuyendera magalimoto onse a alendo, akuwerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda tayala, poti maso sankaona patali. Akatero ankalemba kapepala ndi cholembera chofiira n'kukapanikiza pawaipa. "Tayala lakumbuyo latalikira ngalande. Mwapeza zinayi pa khumi. Kabwerezeni." Ena ankapsa mtima n'kung'amba. Koma tinamva kuti kumaofesiko anthu anayamba kuonetsana mamalikisi pa nthawi ya tiyi, ndipo bwana wina amene anapatsidwa zitatu sanalankhule ndi mesenjala wake tsiku lonse chifukwa iye anapeza zisanu ndi zitatu.

Ndiye kunabwera Kachule.

Kanali kagalimoto kobiriwira, ka magetsi otuzuka, ndipo dzina tinakapatsa tsiku lomwelo. Mwini wake anali mayi wa nsapato za gogoda, mlembi kuofesi ina m'chinyumba chija. Ankafika molawirira, a Rivesi akadali kubafa. Ankatsika, kugubuduza chidebe chimodzi mwaulemu wake, kulowa chamutu, n'kuima pakatikati pa malowo mopingasa ngati nsomba m'mbale yaing'ono.

Tsiku loyamba anapeza ziwiri pa khumi. Lachiwiri chimodzi. Lachitatu a Rivesi analemba kuti: "Mayi, anakupatsani layisensi ndani? Ndikufuna ndikacheze naye." Madzulo anapeza kapepala komweko pampini wa tsache, kuseri kwake kutalembedwa bwinobwino: "Msewu ndi wa aliyense, bambo. Zikomo chifukwa cha malo abwino."

M'mawa mwake linali Lachinayi, ndipo Kachule kanali pageti. Mwana wa a Rivesi anafika, anazungulira katatu, n'kukaima kutali kugolosale. Mayi ake anali ataima pageti, atavala diresi lawo la maluwa, chikwama chili m'khwapa. Anayang'ana mtunda wokafika kugolosaleko, anayang'ana Kachule, kenako amuna awo. Anatembenuka n'kuyamba kuwerenga mapazi obwerera. Tikadakonda akadakalipa.

Sabata imeneyo mawondo anatupa. Akuchipatala anaimba foni kunena kuti akajombanso, nthawi yawo aipereka kwa wina, poti odikira ndi ambiri. A Rivesi anawonjezera makalata. Analemba za tayala, za galasi lam'mbali, za mmene Kachule kamatulutsira msana mumsewu. Mayi uja ankangowapinda n'kuika m'chikwama.

Lachinayi lotsatira a Rivesi anadzuka kusanache bwino, anatulutsa mpando n'kukhala pakati pa zidebe zawo, kapu ya tiyi ili m'manja. Anamwa yoyamba, anamwa yachiwiri. Koma tiyi wa m'mawa alibe ulemu ndi munthu wamkulu. Anauza atelala kuti aziyang'anira, n'kuthamangira m'nyumba. Potuluka anapeza Kachule kali m'malo, mpando wawo utaikidwa bwinobwino m'mbali mwa mpanda, kapu ya tiyi ili pamwamba pake, osatayika ngakhale dontho.

"Ndinakuuzani kuti muziyang'ana."

"Ndimalowetsa ulusi m'singano," anatero atelala. "Koma musadandaule, achimwene. Tiyeni tikaphwetse matayala onse anayi, aone kuti muno muli anthu."

"Mukaphwetsa ndiye kachoka bwanji?"

Atelala anakanda m'mutu.

"Ndiponso galimoto sinalakwe," anatero a Rivesi. Anakonza kapu yawo kumutu n'kulunjika kumaofesi, kumene anali asanapondeko chimangireni.

Zimene zinachitika kumeneko tinazimva kwa mlonda wa pakhomo. Akuti anayenda chitseko ndi chitseko akufunsa mwini wa galimoto yonga chule, mpaka anamupeza pansanjika yachitatu. Mayiyo atawaona anaimirira atakonzeka kale kukangana. Koma a Rivesi anavula kapu, n'kunena motsitsa mawu za mawondo, za mapazi makumi awiri ndi awiri, za teni koloko.

Mayi uja anatsegula chikwama n'kutulutsa timapepala tofiira tambirimbiri. "Bambo, makalata onsewa, bwanji simunalembemo zimenezi? Ine ndimayesa ndinu wa nkhanza chabe. Munangolimbikira za matayala."

"Za m'nyumba salemba pagalasi la galimoto," anatero a Rivesi.

Anatsika limodzi, wa gogoda patsogolo. Koma atafika pageti anapeza zinthu zasintha. Poona kuti zidebe zasunthidwa, wokonza mapaipi anali ataimika kalole kake kutsogolo kwa Kachule, mabampala atatsala pang'ono kupsompsonana, ndipo kumbuyo kunali kutalowa galimoto ina. Eni ake onse anali atapita. Mayi uja anaima ndi makiyi m'manja, osatsegula chitseko.

"Bwererani pang'ono, mukhotetse, mutuluke," anatero a Rivesi.

"Bambo," anayankha chapansipansi, "ine rivesi sinditha."

"Mwati chiyani?"

"Sinditha. Mumsewu monse muno malo anu okha ndi amene ndimalowa chamutu n'kutulukanso chamutu. Ndi aakulu bwino. N'chifukwa chake ndimalawirira." Anawapatsira makiyi. "Katulutseni ndinu."

A Rivesi anayang'ana makiyiwo. Dzanja linanyamuka, kenako linabwerera m'thumba. "Maso anandithawa," anatero. "Lowani. Ine ndikhala uku."

Amene tinali pamakonde tinaona munthu akubwerera unyamata. Atangokhala pampando wa kumanzere msana unawongoka, mawu anasintha. "Mpando pafupi. Galasi. Pondani kalachi mpaka pansi, simukuponda dzira. Giya yakumbuyo. Chiwongolero chonse uku." Kenako anatulutsa mutu pawindo n'kuitana akazi awo. "Mayi, muzindionera kumbuyoko."

Akazi awo anali atafika kale pageti ndi diresi la maluwa lija. Munthu amene wamva maphunziro a galimoto patebulo kwa zaka makumi atatu safunika kumuuza zambiri. Anatambasula ndodo pakati pa mabampala. "Chikhatho chimodzi. Zala zinayi. Ziwiri. Basi, mwanawe, ima."

Kutsogolo pang'ono, kumbuyo pang'ono. Kachule kanazima kanayi. Mayi uja anavula gogoda n'kuponda ndi mapazi. Ulendo wachisanu ndi chinayi mphuno inatuluka, ndipo atelala, mosaganiza, anakankha matayala awo aja kuti Kachule kaime pageti pawo. Pambuyo pake anakana kuti sanachite zimenezo.

Nthawi yomweyo mwana wa a Rivesi anatulukira pakona. Anafika pageti, anachepetsa liwiro, anayang'ana mpata wotsala pakati pa kalole ndi galimoto inayo. Wakumbuyo analiza hutala. Mtsikanayo anagwira pakamwa n'kupitirira.

"Aa, malo si awa?" anatero atelala. "Bwanji sakulowa?"

"Alowa bwanji?" anayankha mayi ake, mokweza ngati akuitana munthu kutsidya. "Nayenso rivesi satha. Mumayesa mapazi khumi ndi asanu aja anali a chiyani? Bambo akewa anamuphunzitsa tsiku limodzi, anamukalipira mpaka mwana analira, osabwereranso. Tauni yonse anaiphunzitsa, wa m'nyumba anawakanika."

Msewu wonse unamva. Ngakhale wa firiji yakufa anatuluka kudzafunsa kuti anena chiyani, ndipo tinamubwerezera. A Rivesi anali m'Kachule, windo lili lotsegula. Anatsitsa kapu mpaka pamphuno. Kenako anayang'ana wotchi moiyandikitsa kumaso, n'kutembenukira kwa mlembi uja.

"Mayi, kutuluka mwatuluka. Tsopano tibwereremo, cham'mbuyo, chitseko chikhale pageti."

"Bambo, mukufuna kundipha?"

"Sindinaphepo wophunzira. Kalachi."

Anayesa koyamba, tayala linakwera m'mphepete mwa ngalande. Kachiwiri msana unatsala mumsewu. Kachitatu, ndodo ikuyeza kumbuyo, Kachule kanalowa mwakachetechete n'kuima mowongoka, chitseko chili maso ndi maso ndi geti. Mayi a ndodo aja anaponda kawiri n'kugwira chitseko.

"Simudikira mwana?" anafunsa amuna awo.

"Galimoto ndi galimoto. Tsikani, mwandikhalira pamalo."

Anafika kuchipatala nthawi isanakwane. Mwana wawo ankawatsatira pambuyo, ndipo akuti kumenekonso anazungulira kawiri asanapeze polowa chamutu.

Kuyambira tsiku limenelo Kachule kamaima pageti pa a Rivesi masiku onse kupatula Lachinayi. Tsiku limenelo mlembi amakapanikiza kagalimoto kake pena paliponse, cham'mbuyo, n'kutsika akuyang'ana uku ndi uku kuti aone ngati anthu aona. Atelala amati a Rivesi anagulitsa msewu kwa alendo, koma amanena zimenezi akupinda mathalauza a anthu a kumaofesi omwewo, amene mlembi uja anawalozera.

Loweruka m'mawa msewu ukakhala wopanda anthu, zidebe zimayandikizidwa ndipo pamakhala ophunzira awiri. Mlembi anafika pa zisanu ndi ziwiri pa khumi. Mwana wa a Rivesi akadali pa zitatu, ndipo chidebe chimodzi chinapindika m'mimba. Bambo ake akayamba kukweza mawu, ndodo imagogoda pageti kawiri, mawu n'kutsika. Mpata wa Lachinayi tsopano ndi mapazi khumi ndi atatu.

Mawondo nawo ayamba kumvera. Sabata yatha mayi aja anadutsa geti n'kukafika pamatayala a atelala, mapazi makumi atatu ndi limodzi, osapuma. A Rivesi anaonerera ulendo wonsewo manja ali kumbuyo, n'kunena kuti kayendedwe kali bwino koma pokhota anatayirira, ndiye apeza zisanu ndi chimodzi pa khumi.

Cholembera chofiira chija chinasowa tsiku lomwelo. A Rivesi afufuza m'nyumba monse, ndipo akazi awo akuti sanachione.