Amalume a Zuze ndi jipi yobiriwira

Chijasi chonyowa chikamauma pafupi ndi moto chimakhala ndi fungo lakelake, thukuta lakale losakanikirana ndi utsi, ndipo ine ndikalimva mtima umayamba kugunda ngakhale lero mutu uli mbuu ndi imvi. Fungo limeneli linalowa m'nyumba mwathu ku Muloza m'nyengo ya chiperoni, chaka chimene Apwitikizi ankachoka ku Mozambiki. Ndinali ndi zaka khumi kapena kuposerapo pang'ono. Phiri linabisala m'nkhungu masabata angapo, kamvula kowaza kosatha kaja kakungonyowetsa madenga, dothi lofiira likumatirira kuzidendene. Nkhuni sizinkayaka msanga, ndipo kalongonda wa amayi ankawira tsiku lathunthu.

Chijasicho chinali cha amalume a Zuze, achimwene awo a amayi, mwinimbumba wathu. Iwowa anali sipayo, wapolisi wa Apwitikizi, kutsidya ku Milanje. Ndinkawadziwa ndi chisoti chofiira, kabudula wa khaki wositidwa bwino, ndi nsapato zakuda zowala. Pa ofesi yawo pankapachikidwa mbalamatodya, chithabwa chobowolabowola chija chomenyera m'manja anthu olephera msonkho. Ine sindinkaganiza za manja a anthuwo. Ndinkangodziwa kuti munda wathu waukulu unali kutsidya kwa mtsinje, paja malire anapeza makolo atalima kale, ndipo tikamawoloka palibe ankatifunsa kanthu. Dzina la amalume linali mpanda wathu. Ngakhale mbuzi za eni zinkaoneka ngati zikulambalala chimanga chathu.

Abambo anali mkamwini wochokera ku Thuchila, munthu wosayankhulitsa, wogwira ntchito pa esiteti ya tiyi. Amalume akabwera ndi chibotolo cha vinyo cholukidwa ndi nsungwi, abambo ankathamanga kukaitana a Makwinja, tcheyamani wa chipani m'dera lathu, ndipo atatuwo ankamwa pakhonde n'kumatchulana kuti alamu. Akuluakulu ankanong'onezana kuti boma lathu ndi Apwitikizi amadyera mbale imodzi. Ankangonong'ona basi. M'masiku a chipani chimodzi mawu ankayenda okha n'kukafika kumene sunawatume.

Ndiye tsiku lina masana amalume anatulukira kuseri kwa nyumba, atawolokera padooko lakumunsi, osati pamlatho. Chisoti analibe. Anali m'chijasi chija, chikudontha madzi. Amayi anagwada n'kuwapatsa moni, koma iwo maso anali kumsewu. "Patarau wanena kuti ndidikire kwa mlongo wanga," anatero. "Akamadutsa ulendo wa ku Joni adzaima, adzanditenga." Patarau ndiye anali bwana wawo Mpwitikizi, yemwe anamutumikira kuyambira ali mnyamata. Abambo anavomera ndi mutu, n'kutseka chitseko ngakhale kunali kusanade.

Amalume sakanatha kukhala pamsewu, chifukwa m'midzi yathu munadzaza anthu amene anathawa kutsidya zaka zam'mbuyo, ena akuthawa mbalamatodya yomweyo. Choncho anatuma ine. M'mawa uliwonse amayi ankandisenza lichero la nthochi kuti ndizioneka ngati wogulitsa, ndipo ndinkakakhala pansi pa mtengo wa bulugamu kufupi ndi chipata cha malire, ntchito yanga kuyang'ana jipi yobiriwira yokhala ndi tayala pamphuno. Galimoto za Apwitikizi zinkadutsa zambiri, zolowera ku Blantyre, zitasenza matiresi, mipando, makina osokera, mpaka miphika ya maluwa. Azimayi achizungu ankayang'ana kutsogolo kokha, maso ali psu. Ndikabwerera madzulo, miyendo ili yoyera ndi kuzizira, amalume ankandichingamira pakhomo. "Bwanji, Elube?" Ine ndinkapukusa mutu, iwo n'kubwerera pampando. Sankakhazikika. Phokoso lililonse la injini, ngakhale thirakitala ya esiteti, ankadzambatuka n'kumanga mabatani a chijasi.

Jipiyo inadutsa ndithu, Lachinayi lina dzuwa litasuzumira pang'ono. Ndinaiona ikuchoka pachipata, ndipo ndinataya lichero n'kuithamangira ndikukuwa dzina la amalume. Patarau ankandidziwa, anandipatsapo siwiti kangapo ku Milanje. Anachepetsa liwiro, anatembenuka, maso athu anakumana. Kumbuyo kunali mabokosi mpaka kudenga, ndipo pampando wakutsogolo, pamene munthu akanakhala, panali galu wake wamkulu wakuda, lilime lili panja. Kenako ndinangomva injini ikulira, matope n'kundiwaza kumaso. Ndinathamangabe mpaka pa sitolo ya m'mwenye, mpweya n'kundithera.

Amayi ndinawapeza kuseri akusenda chinangwa cha makaka. Nditawauza, mpeni unaima, koma sanadabwe. "Usawauze," anatero. "Munthu akamadikira amadya. Akasiya kudikira sadyanso." Choncho m'mawa mwake ndinasenzanso lichero, ndipo ndinapitiriza kukakhala pansi pa bulugamu uja kudikira galimoto imene ndinkadziwa kuti inapita kale. Limenelo ndiye bodza langa loyamba lalikulu, ndipo anandiphunzitsa ndi amayi anga ondibereka.

Mphepo inatembenuka msanga kuposa mmene tinkaganizira. Wayilesi ya abambo inayamba kunena kuti atsogoleri athu atumiza mafuno abwino kwa olamulira atsopano a kutsidya, omwe aja ankatchedwa zigawenga za kunkhalango mwezi wathawo. A Makwinja anayamba kudutsa pakhomo pathu osanena odi, maso ali kumitambo ngati akuyesa mvula. Anyamata a chipani a malaya ofiira anachulukitsa kufunsa makhadi pamsika ndi pachigayo. Usiku amayi ndi abambo ankayankhula Chilomwe chapansipansi, ndipo ine ndinkangotola dzina la amalume. Munda wa kutsidya sitinapiteko konse, nandolo anangoumira m'mitengo.

Abambo ndiwo anabwera ndi nzeru. Anati munthu wobindikira m'nyumba amakayikitsa, koma munthu wa pa ntchito saoneka. Inali nyengo yodulira tiyi, esiteti ikulemba amuna ambiri. Anatulutsa khadi la chipani la mng'ono wawo Yohane, yemwe anamwalira chaka chomwecho ku Thuchila, n'kuwapatsa amalume. Amayi anakwirira nsapato zakuda zija pansi pa nkhokwe. Amalume anasiya ndevu, anavala chipewa chakutha cha abambo, ndipo madzulo abambo ankawaphunzitsa kuyenda pabwalo. "Alamu, weramani pang'ono. Wodulira tiyi sayenda ngati wameza mtengo." Amalume ankayesa, kuwerama mapazi atatu, lachinayi msana n'kuwongoka wokha. Amayi anaseka tsiku limenelo, kuseka kokhako m'nyengo yonseyo.

Zinayenda masabata awiri. Ine ndinasiya za nthochi, ndinayamba kupititsa mbatata yophika kumunda wa tiyi masana. Ndikukumbukira mizere ya tiyi wodulidwa, zitsa zotuwa zili ndandanda mpaka kuphiri, fungo la masamba ovunda, ndi mipeni yokhota ikulira kwapu kwapu. Tsiku lina anthu anali atakhala m'mphepete mwa msewu akudya, pamene manijala wachizungu anafika pa galimoto yake kudzaona ntchito. Anthu a pa esiteti ali ndi kachitidwe kawo: mzungu akafika masana iwo sadzuka, amangogwira chipewa pang'ono n'kupitiriza kutafuna. Koma manijalayo atatsika anakuwa kuitana kapitawo, ndipo mawu a mzungu wokuwa analowa m'thupi mwa amalume asanafike m'mutu. Anadzambatuka, mbatata n'kugwa. Zidendene zopanda nsapato zinagundana, chifuwa patsogolo, dzanja pamphumi kuchita sawasha, n'kufuula m'Chipwitikizi monga ankavomerera bwana wawo kuti, "Purontu, patarau!"

Manijala anaseka, anaganiza kuti ndi nthabwala, n'kumapita. Koma enawo sanaseke. Mayi wina wachikulire, amene ankasesa nthambi zodulidwa, anadzuka pang'onopang'ono n'kufika pafupi. Anawayang'ana amalume kuyambira kuphazi mpaka kumutu. Kenako anatambasula manja ake, zala zitatu zopindika ngati mizu ya chinangwa. "A Zuze, mwatipeza kuno?" anatero. "Dzanja mutsitse, eni ake anapita." Sanakuwe, sanatukwane. Anabwerera n'kukatola tsache lake. Ndinayang'ana abambo. Iwo anali atatembenukira kwina, akunola mpeni wawo pamwala ngati munthu amene sanamve kanthu.

Masiku awiri otsatirawo m'nyumba munalibe wokhala pansi. Amayi ankatuluka n'kulowa osatenga kanthu. Anawachonderera achimwene awo kuti athawire ku Thuchila kapena kukwera phiri, koma amalume anakana. "Ndikachoka, Patarau adzandipeza kuti?" anafunsa. Amayi anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Mawu ndinali nawo, mawu ochepa chabe, akuti jipi inadutsa kalekale. Sindinawanene. Mpaka lero sindidziwa ngati akanathawa ndikanawauza.

Anabwera m'mawa wa tsiku lachitatu, nkhungu isanachoke, anyamata anayi a malaya ofiira ndi a Makwinja patsogolo. Sanamenye munthu. A Makwinja anati pali pempho lochokera kwa abale athu a kutsidya loti amalume abwezedwe, ndipo mawu akuti abale anawatchula mosalala ngati anawazolowera kuyambira kale. Amalume anavala chijasi chawo, anamanga mabatani onse mpaka pakhosi, n'kuyenda pakati pa anyamatawo msana uli chilili. Tinatsatira patali mpaka pamlatho. Kutsidya kunali asilikali ovala zamawangamawanga, ndi mbendera imene ndinali ndisanaionepo. Amalume sanacheuke. Nkhungu inawameza asanafike kumapeto kwa mlatho, ndipo sitinamvenso za iwo, ngakhale manda.

Khadi la a Yohane palibe analifunsa. Abambo sanachotsedwe ntchito, sanaitanidwe ngakhale ku ofesi ya chipani, pamene ena ankasowa chifukwa cha zazing'ono kuposa zimenezo. Mvula yoyamba itagwa, anatitenga tonse ndi makasu kupita kudooko. Tisanawoloke anandiimika n'kundiphunzitsa moni watsopano. "Ukaona msilikali, kweza chibakera chonchi, unene kuti kamarada." Iwo anayamba, ndipo zinawakhala bwino zedi, ngati anabadwa nazo. Asilikali anatimwetulira n'kutilola kudutsa. Chaka chimenecho chimanga chinabereka mpaka nkhokwe inachepa.

Ndili mwana ndinkada mayi wa zala zopindika uja. Ndinkati ndiye anakanena, ndipo ndikakumana naye pachigayo ndinkalavula pansi. Amayi anandiuza zoona atakalamba, abambo ali chigonere m'nyumba ndi matenda, tikusenda nandolo pakhonde. Mayi wa zala zopindikayo sanapite kulikonse. Amene anapita kwa a Makwinja madzulo a tsiku la sawasha lija, chipewa chili m'manja, anali abambo. Anawerenga ana awo asanu, anawerenga munda ndi ntchito, n'kuona kuti mtengo umene tinkabisalapo wagwa, ndipo wochedwa kuchoka pansi pake umuphwanya. Boma linachita chimodzimodzi, a Makwinja chimodzimodzi. Amalume okha ndiwo thupi lawo linkadziwa bwana mmodzi.

Adzukulu anga amati agogo ndi ovuta, sakhulupirira munthu, ngakhale abusa amawafunsa kawiri. Ine ndimangoti ee. Sindiwauza kuti tonse asanu tinakula, tinakwatiwa ndi kukwatira, chifukwa cha ulendo umene abambo anayenda madzulo amenewo. Abambowo ndinawasamalira mpaka tsiku lawo lomaliza, ndinkawasambitsa ndi kuwamwetsa phala. Koma akandiuza kuti kunja kwacha, ndinkayamba ndasuzumira pawindo.