Andilanda kiyi chifukwa cha kavalavu

Moni nonse. Amalume andilanda kiyi wa njinga yawo yamoto yakabaza imene ndimayendetsa, lero kuboda komwe timadikirira okwera, anzanga akuonerera.

Njingayi imazima ndikangoima. Ndinawauza kale kuti kavalavu kolowetsa mpweya katsekeka ndi fumbi la msewu wa ku Thambani. Iwo anapita nayo kwa makaniko wawo, yemwe anangokweza kulira kwa injini. Lero ndikuika giya yalumpha, mayi amene ndinawanyamula agwetsa mazira, thireyi yonse phwa!

Amalume atafika ndawakumbutsa za kavalavu, koma iwo akuti, "Iwe wothawa sukulu ungadziwe chiyani?"

Ndamasula kavalavuko pamaso pawo, kali bii ngati kunsi kwa poto. Ndakatsuka, ndatsitsa kulira kwa injini, njinga yalira bwinobwino. Manyazi awagwira, azula kiyi, akuti ndipepese kaye.

Sindipepesa. Inuyo mukuti wolakwa ndani?